Lilime Likasintha, Nanga Mnzako Wakale Utani Naye?

 Kaya muli m'galimoto mwaima pamzere wa pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kaya muli kukhitchini wailesi ili pawindo, kaya ndinu alonda mwangofika kumene pageti la abwana ku Area 43, khalani nane mphindi zochepazi.

Lamulungu lapitali titaweruka mapemphero, mayi wina anandikokera pambali. Sinditchula dzina. Anati, "Abusa, ndithandizeni. Ndili ndi anzanga amene tinakulira limodzi ku Kawale, tinkadyera mbale imodzi. Masiku ano akandiimbira foni ndimangoiyang'ana mpaka idule yokha. Sanandilakwire ayi. Kungoti tikakhala pansi, mphindi khumi zokha nkhani zatha. Zimene akuseka iwo, ine sizikundiseketsa. Kodi ndayamba kunyada, kapena n'kukula?"

Funso limeneli ndagona nalo sabata yonse, chifukwa si la mayi aja okha. Ndi langanso. Ndipo kuti tilimvetse bwino, tiyambire pakamwa.

Ndili mwana kwathu ku Dowa, amayi akaphika luni ndinkalira. Masamba owawa aja! Ndinkawabisa m'masaya n'kukalavula kuseri kwa nkhokwe. Chimene ndinkalota usiku chinali Fanta ndi sikono, zinthu zimene tinkaziona pa Khirisimasi pokha. Lero mukandiikira Fanta apa, luni wotendera apo, dzanja langa lipita ku luni osafunsa mutu. Nanga ndinasala kudya kuti zisinthe? Ayi. Palibe anandisanjika manja. Thupi linachita lokha.

Madokotala amatiuza kuti palilime pali tinthu ting'onoting'ono zikwizikwi timene timamva kutsekemera, kuwawa, kuwawasa ndi mchere. Tinthu timeneti sitikhalitsa. Pakapita pafupifupi masabata awiri takale timafa, tatsopano n'kumera. Munthu akamakula, tomerato timayamba kuchepa. Mphuno nayo imafooka, pomwe gawo lalikulu la chimene timati kukoma limachokera ku fungo. N'chifukwa chake mukadwala chimfine, nyama yonona imangomveka ngati mukutafuna thonje. Mwana amakonda zotsekemera kuposa wamkulu, ndipo zowawa zimamuwawa kuposa mmene zimatiwawira ife. Makutunso n'chimodzimodzi. Timawu tating'ono tokwera m'mwamba ndito timayamba kutayika, ndiye pamalo aphokoso munthu wachikulire amavutika kutsatira nkhani. Mumadabwa kuti abambo anu paukwati amanyamula mpando kuthawa sipika? Sakudana ndi chimwemwe. Khutu lasintha basi.

M'Baibulo muli nkhalamba ina imene inazindikira zimenezi popanda dokotala. Mukakhala pansi mukawerenge 2 Samueli mutu 19, kuyambira ndime 31. Dzina lake Barizilai, wa ku Gileadi, munthu wachuma. Pamene Davide ankathawa mwana wake Abisalomu, mkuluyu anamudyetsa ku Mahanaimu pamodzi ndi anthu ake. Nkhondo itatha, Davide pobwerera anamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu, azikadya za kunyumba yachifumu. Tangoganizani, akuitaneni kuti mukakhale ku State House, lendi osalipira, magetsi osalipira! Mkulu uja anakana. Anafotokoza kuti ali ndi zaka 80, chakudya ndi chakumwa sizikumukomeranso ngati kale, oimba a mfumu sangawamve bwino, bola abwerere akafere kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Anapereka Kimuhamu kuti ndiye apite ndi mfumu. Davide anatani? Sanakwiye. Sanamutche wonyada. Anamupsompsona, namudalitsa, nasiyana. Wina ku Yerusalemu, wina kumudzi, ubwenzi uli chilili.

Ndiye mayi aja, ngati mukumvera, chiyambi cha yankho ndi chimenechi: kusintha kwa zokonda si tchimo. Mwamva? Si tchimo. Paulo naye mu 1 Akorinto 13 akuvomereza kuti pali zinthu za ubwana zimene munthu amasiya akakula. Mdala wa zaka 55 amene akukondabe chilichonse chimene ankakonda ali ndi zaka 19, ameneyo ndiye wofunika mapemphero.

Tsono ndikuuzeni zanga, chifukwa kulalikira za Barizilai n'kosavuta.

Ndinafika mu Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chikwama chimodzi, satifiketi ya MSCE ili m'pepala la pulasitiki. Basi inanditsitsa padepoti ku Old Town. Tinakumana anyamata anayi, tonse osaka ntchito, n'kuchita lendi chipinda chimodzi ku Mchesi. Mphasa ziwiri, mbaula imodzi, taye imodzi yoyendera ma intavyu, yobwerekana. Madzulo tinkayenda mu Malangalanga, kusonkha timakobidi n'kuima pachiwaya, tchipisi cha munthu mmodzi kudya anayi. Wina akapeza ganyu, mwezi ukatha tinkalowa mu Devil Street, dzina lokhalo likukuuzani zimene zinkachitika mmenemo. Mapaketi a Chibuku pansi, kwasakwasa akulira, kukacha osadziwa kuti tafika bwanji kunyumba. Loweruka tinkayenda wapansi mpaka ku Civo Stadium kukaonera mpira. Tinkaitanana "aise". Ndikanakulumbirirani nthawi imeneyo kuti anthu atatu amenewa tidzaikana m'manda.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ubwenzi uliwonse umamangidwa ndi chingwe china chake. Ifeyo zingwe zathu zinali zitatu: umphawi, mpira ndi mowa. Ena chingwe chawo ndi kalasi imodzi ku sekondale, ena ndi mpopi umodzi wotungapo madzi, ena ndi ofesi imodzi ku Capital Hill. Chingwe chikaduka, ndi pamene umaona ngati panali china chogwira anthuwo. Nthawi zambiri palibe, ndipo palibe walakwa. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Oxford ku England, Robin Dunbar, anawerengera kuti munthu angathe kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150, ndipo apamtima zedi amakhala ngati asanu basi. Inu a pa Facebook amene muli ndi anzanu 4,000, nambala imeneyo ndi ya foni yanu, si ya mtima wanu. Mtima uli ngati minibasi: mipando ndi yowerengeka. Akakwera mkazi, akakwera ana, akakwera apongozi, wina ayenera kusendera kumbuyo, wina atsike pasiteji. Zimapweteka, koma ndi mmene moyo ulili.

Chingwe cha mowa ndinachidula ndekha, tsiku limene ndinapereka moyo wanga kwa Yesu. Aleluya! Ndipo apa ndilankhule mosapsatira kwa inu amene mwangobadwa mwatsopano. Pali zizolowezi zina zimene sizitha ndi kukula kokha. Luni ndi Fanta zimasintha zokha, koma mowa, njuga ndi chiwerewere sizitero. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ine ndinatha zaka zingapo ndisakudutsa mu msewu uja. Ndikafuna kupita kudepoti ndinkazungulira, kulolera kutuluka thukuta. Anzanga akandiitana kuti, "Aise, tiye ungokhala nafe, iwe uzimwa Fanta," ndinkakana, chifukwa ndinkalidziwa khosi langa. Ngati pali mnzanu amene nthawi iliyonse mukakumana mumathera m'matope, musayembekezere kuti ndikuuzeni kuti mupirire. Patukani. Mwana wankhuku sakambirana ndi mphamba.

Koma onani mmene Abramu anapatukira ndi Loti mu Genesis 13. Ziweto zinachuluka, malo anachepa, abusa a ziweto anayamba kukangana, ndiye anagwirizana kuti wina alowere uku, wina uko. Loti anasankha chigwa chothiriridwa bwino, nasendera ku Sodomu. Tsegulani mutu wotsatira, 14. Loti atagwidwa pankhondo, ndani anatenga amuna 318 a m'nyumba mwake n'kuthamangira usiku kukamulanditsa? Abramu yemwe uja. Mahema anali atasiyana, koma Loti sanachoke mumtima mwa Abramu. Ine pamenepa ndi pamene ndinagwa, ndipo mzinda uno unandithandiza kugwako.

Ndifotokoze. Lilongwe ndi mzinda wochita kukonza papepala. Boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno. Mu 1977 anthu a mumzinda uno sankakwana 100,000. Kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Okonza mapulani anagawa malo m'magulu. Old Town, ndi msika wake, depoti ndi masitolo a amwenye, inatsala kumunsi. City Centre ndi Capital Hill anazimanga kumtunda, pakati n'kusiyapo nkhalango ya Nature Sanctuary. Kenaka panabwera madera a mapuloti aakulu, nyumba imodzi pabwalo loti kwathu tingalimepo chimanga cha chaka chonse: Area 10, Area 12, Area 43, kuwonjezera pa Area 3 ndi Area 9 cha ku Old Town konko. Anthu wamba anapanikizana ku Kawale, Mchesi, Biwi, Chilinde, Area 25. Ndipo pafupi ndi madera a mabwanawo panamera midzi ya anthu owagwirira ntchito: Kauma pambali pa Area 12, Mtandire pambali pa Area 47. Kumuuza munthu nambala ya Area yanu mu Lilongwe kuli ngati kumuonetsa pepala la malipiro anu.

Tsono ku Mchesi mnzako amangofika. "Odi!" "Lowani!" Nsima ili pamoto, mumangowonjezera ufa. Ku Area 12 kulibe odi. Kuli mpanda wa njerwa, waya pamwamba, geti lachitsulo, mlonda, galu. Minibasi imakusiya kumsewu waukulu, kwinako uyende wapansi dzuwa likukuswa, ukafike pageti thukuta lili kamukamu, mlonda akufunse kuti abwana akukudziwa ngati. Ndani angachite zimenezi kawiri?

Ine Ambuye anandikweza pantchito, ndisanalowe utumiki wa nthawi zonse, ndipo tinasamukira kumadera amenewo. Mwa anzanga atatu aja, mmodzi anapita ku Joni osabweranso, wina anamwalira. Anatsala mmodzi, makaniko ku Biwi. Loweruka lina masana mlonda anagogoda pakhomo, nati, "Bwana, pageti pali munthu wina, akuti ndi mnzanu. Wavala ovolosi." Ndinasuzumira pawindo, ndinamuona. M'nyumba munali alendo, anthu a masuti, tikumwa tiyi. Abale anga, ndikuuzeni zimene ndinanena? Ndinati, "Kamuuzeni kuti ndili pamapemphero." Ndinamunamizira Mulungu. Mumtima ndinadzitonthoza kuti kuwala sikuyanjana ndi mdima, munthu uja amamwa.

Patapita miyezi, ndili pamzere wa magalimoto pafupi ndi msika, ndinamuona akuwoloka msewu, sipanala m'thumba. Maso anaphana. Ndinatsitsa galasi. Anaima, navula chipewa, nati, "Muli bwanji, bwana?" Munthu amene tinkafunda bulangete limodzi! Amene anandibwereka nsapato tsiku la intavyu imene inandipatsa ntchitoyo! "Aise" anali atafa, ndipo amene anamupha ndine.

Mzimu Woyera sanandisiye. Anandifunsa funso limodzi limene ndikufuna nanunso mudzifunse lero. Alendo a masuti aja, onse anali osamwa? Ayi ndithu. Awiri mwa iwo ndinkawadziwa kuti Lachisanu lililonse amakhala kumakalabu, botolo la kachasu wachizungu patebulo. Amenewo ndinkawalandira pasofa, kuwatcha "anthu ofunika kuwafikira ndi Uthenga". Womwa Chibuku ndinamusiya pageti. Ndiye chimene ndinkathawa sichinali mowa. Ndinkathawa ovolosi. Ndinkathawa munthu amene akudziwa kuti bwana uyu ankagona pamphasa, ankabwereka taye. Mnzako wakale ndi mboni, ndipo munthu wonyada safuna mboni. Chiyero ndinangochivala pamwamba ngati jekete.

Mayi aja, gawo lachiwiri la yankho lanu lili pamenepa, ndipo sindingakuyankhireni. Foni ija ikamalira, mufunse mtima wanu: chimene chanditopetsa ndi nkhani zawo, kapena ndi kumene amakhala? Akanakhala kuti akuyankhula nkhani zomwezo koma ali ku Area 10, galimoto ili panja, ndikanaiyankha foni? Mukapeza kuti mukanaiyankha, lilime lanu silinasinthe ayi. Mwakwera pamsana pa njovu, mwayamba kunena kuti kunja kulibe mame.

Bambo anga atamwalira, maliro anayambira kunyumba kwathu kuno tisananyamuke kupita ku Dowa. Anzanga atsopano anabwera, sindingawanyoze. Anaimika magalimoto mpaka kumsewu, anapereka chipepeso chooneka, anakhala ola limodzi, napepesa kuti ali ndi msonkhano. Usiku utafika, pamoto panja panatsala achibale ndi anthu a mumpingo. Cha m'ma 2 koloko ndinatuluka, ndipo ndinapeza munthu wina akusonkhezera moto, atafunda jekete yong'ambika. Anali makaniko uja. Palibe anamutumizira uthenga, anangomva kwa anthu. Anagona panja usiku wonse, kukacha anakwera lole ya anthu operekeza. Lole ija itafa panjira tisanafike ku Mponela, ndiye analowa pansi pake. Kumudzi anagwira khasu pamodzi ndi adzukulu. Sananditchulire za pageti, ngakhale kamodzi. Bola akanandinyoza.

Davide anali wanzeru kuposa ine. Ali pafupi kufa, mu 1 Mafumu 2, pakati pa malangizo akuluakulu a ufumu, anakumbukira kuuza Solomo kuti ana a Barizilai azidya patebulo lake, chifukwa cha chakudya cha ku Mahanaimu chija. Zaka zinali zitapita, koma ngongole ya chikondi anaisunga. Paulonso, amene anakangana koopsa ndi Barnaba chifukwa cha Yohane Marko mpaka kusiyana njira, mu Machitidwe 15, ndi yemweyo amene ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza. Khomo analitseka, koma sanatayire kiyi m'chimbudzi.

Ndisanaiwale, ndikudziwa pali bambo wina akumvera, akugwedeza mutu, akuti, "Amen, abusa alola, lilime langa lasintha, mayi a kunyumbawa ndi a ku Mchesi, ine tsopano ndi wa ku Area 47." Bambo, khalani pansi. Ukwati si Fanta. Limenelo ndi pangano, ndipo tidzalikamba tsiku lake.

Ndilankhulenso ndi inu amene mwasiyidwa, amene mnzanu anakwera ndipo foni sakuyankhanso. Si onse amene akhala chete amakunyozani. Wina watanganidwa ndi fizi ya ana, wina akudwala shuga sangakhalenso pachiwaya, wina akulimbana ndi khosi lake monga ndinkachitira ine, ndipo akuopa malo amene mumakumanirana, osati inuyo. Komanso, pepani, ena mwa inu mumangomuimbira mwezi ukatha. Munthu akadziwa kuti moni wanu aliyense amathera pa "tanditumizireko ya Airtel Money", foni imayamba kulemera. Muyeseni tsiku lina, mumuimbire kungofunsa za ana, n'kudula.

Nanga ine ndi makaniko uja zili pati lero? Sindikunamizani kuti tinabwerera mwakale. Sizingatheke. Nditapita kukapepesa kugalaja kwake, anangoseka, nati, "Zinapita zimenezo," n'kupitiriza kumasula tayala. Nkhani zathu n'zochepa. Iye za utumiki sizimukhudza, ine za ma injini sindizitsata, nyimbo zimene amatsegula pawailesi yake zimandipweteka mutu. Ku Devil Street sindipita, ndipo anasiya kundiitanira. Mowa sanasiye. Kutchalitchi sanabwerepo, ngakhale akazi ake anabwera kawiri. Ndimamupempherera, koma ndinaleka kumutenga ngati ntchito yoti ndiimalize.

Zingwe ziwiri zija, umphawi ndi mowa, zinaduka. Chinatsala cha mpira, ndipo tapezanso china chimene tili anyamata tinkati n'cha madala: bawo. Loweruka limodzi pamwezi ndimaimika galimoto ku Biwi, ndimavula jekete, timakhala pabenchi kuseri kwa galaja. Iye ndi paketi yake, ine ndi botolo la thobwa limene akazi ake amandisungira. Timatha maola awiri, mawu osakwana makumi awiri, kumangomveka nkhomo zikugwa m'maenje. Mlonda wa kunyumba kwathu anauzidwa kuti munthu wa ovolosi uja akafika, geti litsegulidwe asanagogode kachiwiri, ngakhale m'nyumba muli bishopu.

Mwezi watha anandidya magemu atatu otsatizana. Ndikudzuka kuti ndizipita, anayamba kutolera nkhomo, osandiyang'ana n'komwe, nati, "Abusa, pemphero lanu pabawo siligwira. Mwezi wamawa ubwere utaphunzira, aise."